Kabati Yokana Kutuluka Pakhomo

4 Malichi

Wokondedwa mlongo wanga Mzime,

Ndiyambe ndi moni. Kuno tili bwino, ine, mlamu wako ndi ana onse awiri, kupatula chimfine chimene chikungozungulira m'nyumba ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Nanga inu kumeneko? Amayi mwendo uja ukuwalola kuyenda? Undiuze zoona, osati zija za "ali bwino" umandilembera chaka ndi chaka.

Nkhani ndi iyi. Kampani yathu ikutseka nyumba yosungiramo katundu imene ndakhala ndikuyang'anira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kumapeto kwa Ogasiti tikubwera kwathu, ndipo si kudzacheza ayi, nkudzakhala. Ana adzagona pabalaza, koma ine ndi mlamu wako tidzafuna chipinda cha malemu bambo, chija ankakonzeramo mawotchi. Papita zaka ziwiri chiwaikireni m'manda. Chipinda sichilira maliro.

Ntchito yake njosavuta, ine ndimaigwira tsiku ndi tsiku. Uunjike milu itatu: zosunga, zopatsa anthu, zotaya. Chinthu chilichonse uchigwire kamodzi kokha, chifukwa ukachigwira kawiri chimayamba kukuyankhula. Kabati yaikulu ya zovala ija ituluke poyamba, popeza pamene yaimapo mpamene padzakhale bedi lathu. Iwe poti suli pantchito, umangokhala pakhomo, masabata awiri akukwanira.

Ndine mlongo wako woyamba kubadwa,
Chisamba

27 Malichi

Achimwene,

Zikomo chifukwa cha moni. Kalata yanu yachedwa chifukwa inakagona sabata yathunthu kwa aneba, pansi pa mwendo wa tebulo lawo limene limagwedera. Amayi mwendo uli chimodzimodzi: popita kuchipatala umapweteka, popita kumsika supweteka. Atamva kuti mukubwera analira, kenako anafunsa ngati alamu akadali aatali choncho.

Poti ine sindili pantchito, ndinadzuka m'mamawa, kusambitsa amayi, kuphika, kuchapa, kuwamwetsa mankhwala, kukolopa, kenako nkutsegula chipinda chanu chija. Chitseko chimatseguka theka lokha. Zimene ndaona mpaka pano ndi izi: mawotchi osawerengeka, iliyonse ikuloza nthawi yakeyake, maambulera opanda nsalu, makalendala kuyambira chaka chimene munabadwa, chitini cha makiyi osadziwika maloko ake, nsapato khumi ndi imodzi, zonse za kumanzere, mano a agogo aamuna m'botolo, ndi chiwongolero cha galimoto, pamene pakhomo pano sipanaimepo galimoto yathu chiyambire.

Amayi anakoka mpando nkukhala pakhomo pa chipindacho, ndodo ili pamiyendo. Lamulo lawo ndi lakuti chinthu chituluke pokhapokha ngati iwo aiwala mbiri yake. Masiku asanu sipanatuluke ngakhale msomali. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinati ndiwayese. Ndinagula supuni yatsopano pagolosale, nkuigubuduza m'fumbi, nkuwaonetsa. Anaikumbatira pachifuwa, misozi ili chuchuchu.

"Iyi yokha ayi, mwana wanga. Bambo ako anandimwetsera mankhwala ndili ndi pakati pa Chisamba."

Ndinawaonetsa kapepala ka mtengo kali kumbuyo kwake. Anati bambo anali munthu wosamala zinthu.

Lachinayi masana amayi atagona ndinazembetsa matumba atatu nkukaponya m'bini ya kumsewu. Ndinaiwala kuti bambo ankalemba pachilichonse ndi penti yofiira kuti, "Mukatola ichi bwezerani a Mawotchi." Loweruka anthu otola zinyalala anaimitsa lole yawo pakhomo, anavula zipewa, nkutsitsa matumba onse atatu pamodzi ndi lachinayi limene si lathu. Akuti bambo anali munthu wabwino. Amayi akumbukira kale mbiri ya zonse za m'thumba lachinayilo.

Za kabati, siingatuluke. Bambo anaipangira m'chipinda momwemo chaka chimene ine ndinabadwa, ndipo ndi yaikulu kuposa khomo. Mundiuze chochita, poti odziwa za katundu ndinu.

Ine mlongo wanu,
Mzime

15 Epulo

Mzime,

Moni nonse. Kuno chimfine chachoka kwa ana, chalowa mwa ine.

Kalata yako ndinawawerengera anzanga kuntchito, anaseka mpaka wina anatsamwa ndi tiyi. Ine sindinaseke. Vuto lako ndi mtima. Katundu safuna mtima, amafuna mndandanda. Ugule penti yakuda, ufute zolemba za bambozo usanataye. Amayi uziwasonyeza zinthu nthawi imene akusinza. Za kabati, ufune kalipentala aiphwasule. Chimene munthu anapanga, munthu akhoza kuchimasula.

Koma chiwongolero chija usataye. Ndi changa, bambo ananditolera ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndinkayendetsa nacho bedi. Kalendala ya chaka chimene ndinabadwa uisungenso. Ndi ambulera ya chogwirira chobiriwira. Zina zonse zipite, osayang'ana m'mbuyo.

Undilembere msanga kuti zafika pati.

Chisamba

9 Meyi

Achimwene,

Pepani ndi chimfine. Ife kuno tadzuka.

Kalipentala ndinamupeza kuseri kwa depoti ya mabasi. Ndi bambo wachikulire ndithu, imvi zayamba m'mbali, akazi awo anamwalira kalekale. Amakhala ndi pensulo kukhutu, koma tsiku lonse amaifunafuna m'matumba.

Tsiku loyamba anayeza kabati, anayeza khomo, nkunena kuti kabati yaposa ndi zala zinayi. Anamwa tiyi nkumapita. M'mawa mwake anabweranso, akuti miyeso ija anailemba pathabwa, thabwalo nkuligulitsa. Tsiku lachitatu anati matabwa amanyala kukazizira, ndiye ndi bwino tidikire Juni, iwo azibwera kudzayeza tsiku lililonse kuti aone mmene zikuyendera. Tsopano amafika folo koloko iliyonse. Pakadali pano atikonzera chitseko cha kukhitchini, mpando wa amayi, ndi shelefu ija inagwa chaka chimene munachoka.

Zophwasula akana. Akuti m'kabati monsemo mulibe msomali ngakhale umodzi, bambo analumikiza thabwa ndi thabwa ngati zala za manja awiri, ndipo munthu woiswa sadzaona zabwino. Ankanena izi akuisisita ngati ng'ombe.

Lolemba analowa m'kati mwake kuti aone kumbuyo, chitseko nkudzitsekera. Ine ndinali nditapita kumsika. Amayi anaona zonse, koma anaiwala. Bambowo anakhala mmenemo maola awiri chifukwa anachita manyazi kugogoda m'nyumba ya eni. Nditabwera ndinamva kabati ikuyetsemula. Nditatsegula ndinawapeza ataima pakati pa majekete a bambo, chipewa chili m'manja.

"Pepani mayi," anatero, "ndakusokonezani."

Achimwene, ndinaseka mpaka kukhala pansi. Sindikumbukira kuti ndinaseka liti chotero. Iwo anangoima, kenako anandifunsa kuti, "Kodi inu mumapuma nthawi yanji?" Funso limenelo palibe amene anandifunsapo.

Penti yakuda ndinagula. Amayi aiika pagulu la zinthu za bambo.

A kalipentala apempha adiresi yanu. Akuti pali nkhani yofunika mwamuna wamkulu wa pakhomo pano. Chonde muwayankhe bwino.

Mzime

12 Meyi

Kwa achikulire, mwana wa malemu a Mawotchi,

Landirani moni wa munthu amene simukumudziwa. Ndikhulupirira kuti inu ndi banja lonse muli bwino. Ine ndine kalipentala amene ndikuyenda pakhomo panu. Mundikhululukire, ndine munthu wa matabwa, dzanja langa linazolowera kulemba mizere osati mawu.

M'nyumba mwanu muli chuma chimene bambo anu anasiya. Chakhala mmenemo zaka makumi anayi ndi zinayi. Anthu amachidutsa tsiku ndi tsiku osachiona. Aliyense amangochisenzetsa katundu wake, icho chili phee, osadandaula. Ine ndachiyang'ana pafupifupi mwezi, ndipo ndikabwerera kushopu macheka amandiphonya mzere. Ndikudziwa kuti si chatsopano, koma inenso sindine watsopano. Kwanga malo alipo, ndi kouma, denga silidontha.

Ndikupempha chilolezo chanu kuti ndichitenge, ndikachisamale mpaka tsiku limene adzandiyeze ineyo. Amayi anu ndawafunsa, akuti iwo alibe mawu, ndifunse inu. Mukakana sindidzakwiya, koma ndidzabwerabe kudzamaliza mwendo wa tebulo.

Ine wanu wodzichepetsa,
Kalipentala

30 Meyi

A kalipentala,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu yaulemu. Tili bwino.

Tengani! Mukanangonyamula osavutika nkulemba. Koma poti ndinu munthu wabwino, ndikuuzeni zoona zokhazokha kuti musadzati ndinakunamizani. Ndi chakale, ndipo ngakhale pa utsopano wake sichinali chokongola. Miyendo ndi yokhota. Kukazizira chimalira chokha popanda wochikhudza. Kumbuyo nkotambalala kwambiri, ndiye chifukwa chake palibe amene anayesapo kuchitenga. Chimanunkha mankhwala a njenjete. Chikakana kutuluka, itanani amuna anayi muchipendeketse, zikavuta mudule miyendo. Mukafika nacho kwanu muchipale ndi sandipepa nkuchipaka vanishi, mwina chingaoneke pakati pa anthu.

Ndikupempha chimodzi chokha: chikakukanikani musabweze kwathu. Mupatse mnzanu, kapena muwaze nkhuni. Sindikufuna kalikonse kwa inu, wothandizidwa ndine.

Chisamba

18 Juni

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero.

Dzulo a kalipentala anabwera folo koloko atavala jekete, opanda tepi yoyezera, kalata yanu ili m'manja yosatsegula. Anati nkhani yaikulu chonchi sangaiwerenge okha kushopu, tiimvere limodzi. Magalasi anali ataiwala, ndiye anandipatsa ine kuti ndiwerenge mokweza. Amayi anazimitsa wailesi.

Nditawerenga kuti "Tengani", bambowo anapukuta thukuta nkumwetulira. Nditafika pa miyendo yokhota, anayang'ana kudenga. Pa kumbuyo kotambalala amayi anagwetsa ndodo ndi kuseka, akuti zimenezo ndi za kuchikazi, Chisamba asanyoze. Ine ndinapitiriza, chifukwa ndikayamba ntchito ndimamaliza. Pa amuna anayi a kalipentala anaimirira.

"Mayi, ine ndadulapo zinthu zambiri pamoyo wanga, koma miyendo yanu sindidula. Ndipo vanishi simukufunika."

Anafuna kudziwa kuti basi yopita kwanuko imanyamuka nthawi yanji, akuti akakufunseni maso ndi maso kuti nkhuni ndi ndani. Ndi munthu woti sangathe kuopseza ngakhale nkhuku, koma anali atakunga chibakera, pensulo ili momwemo. Ndinachita kuwakhazika pansi nkuwafotokozera kuti inu mumanena kabati.

Tsopano mundimvere. Za miyendo sizinandipweteke, miyendo yanga ndimaidziwa, yandifikitsa kuchipatala ndi amayi kambirimbiri. Chandipweteka ndi ichi, poti a kalipentala andiuza zonse zimene analemba m'kalata yawo. Munthu wachilendo wakulemberani za chinthu chimene chakhala m'nyumba muno zaka makumi anayi ndi zinayi, chosenza katundu wa aliyense chili phee, chimene anthu amachidutsa osachiona. Inu mwawerenga zonsezo, m'mutu mwanu nkubwera kabati.

A kalipentala ndawakalipiranso. Ndawauza kuti mkazi safunsiridwa ngati thabwa, ndiponso kuti wofunsidwa ndine, osati munthu wa kutali amene sadziwa kumene timasunga mchere. Anagwada pasimenti nkundifunsa bwinobwino. Bondo linakana kudzuka, tinachita kuwadzutsa awiri ndi amayi. Ndawalola.

Tikalembetsa ukwati Loweruka loyamba la Ogasiti. Kalata yanu aipangira felemu, akuti mawu oti "Tengani" ndi omveka bwino, enawo awaphimba ndi kathabwa.

Mzime

5 Julayi

Mlongo wanga wokondedwa,

Sindidziwa poyambira. Kalata yako ndinaiwerenga nditaima, ndinaimaliza nditakhala. Mlamu wako ataiwerenga sanandiyankhule masiku awiri, tsiku lachitatu anandiitana kuti "a Sandipepa", ndipo ana atengera. Pepa, Mzime. Miyendo yako ilibe vuto. Kunena zoona sindinaiyang'anepo. Uwapepesenso alamuwo, uwauze kuti asakwere basi.

Ndakondwera nawe, Mulungu akudziwa. Ndikudandaula kuti tsikulo lidzatipeza tikadali kuno, kampani siitilola kuchoka tisanatseke.

Koma pali kanthu kamodzi kakundivuta. Iwe ukachoka, amayi atsala ndi yani? Mlamu wako walonjezedwa kale ntchito pasukulu ina kumeneko, ine ndidzakhala ndikuyendayenda kufuna yanga. Ife tinkawerengera kuti iwe ulipo. Sungadikire chaka chimodzi kuti tikhazikike kaye? Kapena alamuwo asamukire kwathu konko, poti akuoneka kuti anazolowera kale m'chipinda muja.

Nanga kabati, Juni uja wathandiza? Yanyala?

Ndiyankhe msanga.

Chisamba

22 Julayi

Chisamba mwana wanga,

Ndine mayi ako. Mlongo wako wakana kukuyankha, akuti akagwira cholembera chithyoka. Ndiye ndalemba ndekha. Ukaona mizere ikutsetsereka, ndi tebulo, osati mutu wanga.

Uli bwanji? Chifuwa chija unali nacho uli mwana chinatha? Uzivala juzi.

Wafunsa kuti nditsala ndi yani. Ine ndinabereka ana awiri, ndimakumbukira bwino chifukwa ndinalipo. Mmodzi wandisambitsa, wandiphikira, wamva kutukwana kwanga zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Monga mumanenera kuntchito kwanuko, shifiti yake yatha. Wotsatira akudzidziwa.

Chaka chimodzi chimene ukupemphacho mlongo wako alibe. Anapereka kale zambiri. Mkamwini wangayu ndi munthu wabwino ngakhale amayankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Ukadzafika usadzamutchule za nkhuni.

Kabati anaiyeza tsiku lozizira kwambiri. Yakula ndi chala chimodzi. Siikupita kulikonse, ndipo ine ndakondwa.

Ndikudziwa kuti mumanena kuti ndimapeka mbiri za zinthu. Zina ndimapekadi. Mawu a bambo ako ayamba kundithawa m'makutu, mwana wanga. Ndikagwira zinthu zawo amabwerako pang'ono, ngati wailesi ikamagwira siteshoni ya kutali. Tsiku limene adzasiye kubwera ndidzakuuza ndekha, udzataye zonse.

Pobwera undigulire masilipasi. Uwauze apongozi anga kuti aziwerama polowa kubafa.

Mayi ako

20 Seputembala

Mzime,

Moni kwa iwe ndi alamu. Ndikudziwa kuti kwanu ndi kwathu ndi mtunda wa mphindi khumi wapansi, ndipo tinaonana dzana pamsika. Kalatayi ndailowetsa ndekha pansi pa chitseko chanu chifukwa pali zina zimene pakamwa panga pakukana.

Bedi lathu silinakwane. Tatsegula zitseko zonse za kabati, matiresi talowetsa mbali imodzi m'katimo, timagona mitu kunja miyendo m'kabati. Mlamu wako akuti aka nkoyamba kugona atatambasula miyendo yonse chikwatiwire.

Sabata yoyamba ndinati ndikusonyezeni mmene akatswiri amagwirira ntchito. Ndinayamba m'mawa ndi milu itatu. Pofika madzulo inali inayi. Wachinayiwo ndi wa zoti ndiganizirebe, ndipo wafika pawindo. Pamulu wa zotaya panali chingwe chimodzi cha nsapato, koma mwana wamng'ono wachitenga. Ana apeza makiyi opukusira mawotchi. Tsopano m'nyumba muno mumalira belu nthawi iliyonse, ndipo amayi belu likalira amafuna chakudya.

Za amayi ndiye ndagonja. Lolemba ndinawapatsa mankhwala a madzulo m'mawa, anagona mpaka masana, atadzuka anandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Madzi osamba ndikawatenthetsa akuti ndikufuna kuwasosola ngati nkhuku, ndikathirako ozizira akuti ndikufuna chipinda chawonso. Mlamu wako amukana kuti asawasambitse, akuti amawayang'anira pamwamba ngati dokotala. Kuchipatala tinaima pamzere wolakwika maola atatu, mpaka namwino anandifunsa kuti, "Kodi mayi uja amadziwa zinthuyu ali kuti?" Mapoto awiri ndapsereza. Ntchito sindinayambe nkufuna komwe, nthawi yake ndiipeza kuti? Dzulo nditamaliza kuchapa ndinakhala pakhonde nkuyamba kuwerenga zaka zimene iwe wagwira ntchitoyi. Ine ndagwira masabata atatu okha.

Pamsika paja ndinakuona usanandione. Unali ukusankha nsalu ya makatani, ukuseka ndi wogulitsa, osayang'ana nthawi. Ndinatsala pang'ono kukudutsa, ndimayesa munthu wina.

Ubwere Lamlungu ndi alamu. Usatenge epuloni. Ukafika usalowere kukhitchini ngakhale umve kununkha kwa chopserera, ngakhale amayi akuitane katatu. Ukhale pabalaza ngati mlendo, ine ndikuphikira tiyi ndi manja anga nkukubweretsera pathireyi.

Koma undiyankhe kaye kanthu kamodzi Lamlungu lisanafike. Kodi tiyi umamwa wa shuga kapena wopanda? Ndafunsa amayi. Aganiza nthawi yaitali, nawonso sakudziwa.

Ine mlongo wako,
Chisamba